Dokotala wa Mafunso

Chikomeni, Lundazi
11 Disembala 1994

Uchizi mzukulu wanga,

Monile. Ine ndilipo, mawondo okha ndi amene andiukila. Mvula yagwa bwino, chimanga chayamba kubisa nkhuku, ndipo fodya wa atate ako aang'ono Philemon tinatha kuwoka.

Kalata yako ya ku Kenya ndinalandila. Ndaiwelenga katatu, chifukwa poyamba ndinkayesa kuti maso anga ndi amene akunama. Ukuti kusukulu yako ya udokotala aphunzitsi saphunzitsa? Ukuti mumakhala asanu ndi atatu patebulo, akupatsani pepala lonena za munthu wodwala, ndiye inu ana okhaokha muyambe kufunsana, mphunzitsi ali phee pakona ngati mlendo wodikila basi? Mwana wanga, ine sukulu ndinalekela mu Sitandade 3 ku mishoni, koma ndinaona ndithu kuti wodziwa amaima kutsogolo, osadziwa amakhala pansi. Yanuyo si sukulu, ndi msonkhano wa kopaletivu. Chichokele atate ako padziko ndakulela ine, ndipo sindinakulele kuti boma likutumize kutali konseko ukaphunzitsidwe ndi mbuli zinzako.

Tsono popeza mumakonda mapepala a odwala, nali langa.

Philemon akudwala. Zinayamba pakati pa Novembala. M'mawa amapita kumunda ali bwinobwino, akuimba nyimbo zake za kwaya zosokosela zija. Dzuwa likapendeka amabwela akudzandila ngati woledzela, chikhalilecho mowa anasiya chaka chija anamusankha udikoni. Thukuta ngati amuthila ndowa, malovu chuchuchu mpaka malaya kunyowa, m'mimba kupotokola, kuthengo kawilikawili. Choipa koposa ndi chifuwa. Akuti chimathina ngati wina wamumanga ndi luzi, ndipo amatsokomola mpaka agalu kutuluka m'khonde. M'mawa mwake wadzuka, wayambanso kwaya. Ku kiliniki amupatsa mankhwala a malungo kawili, palibe chasintha.

Ine matendawa ndikuwadziwa. Ndi mdulo. Mwina kusukulu kwanuko simunafike pa tsamba limenelo, ndiye ndikuphunzitse ine, popeza aphunzitsi ako anakana ntchito. Mkazi akayenda ndi mwamuna wina, kenako n'kubwela kudzathila mchele m'ndiwo za mwamuna wake, chifuwa cha mwamunayo chimaduka. Tsono mkazi wake Loyce, mkamwana wanga wa ku Kapichila uja, Lachisanu lililonse ali ku boma, ati kukagulitsa nshawa, mtedza wa m'munda mwake. Amabwelako akununkhila sopo, mwezi watha anabwela ndi chitenje cha maluwa achikasu. Nshawa zake zimabeleka zitenje, za ife ena zimabeleka anankafumbwe. Ndangoyang'ana.

Uli chaka chachitatu tsopano. Undilembele dzina la mankhwala olimbitsa chifuwa, kapena uike mapilitsi mu envulopu, anthu amatelo. Za Loyce ndithana nazo ndekha. Kalatayi apita nayo ku positi ndi a Haswell a njinga aja, ndipo yankho lidzele kwa iwo omwewo.

Ndine agogo ako,
Jemima NyaZgambo


Kenya
6 Januwale 1995

Agogo okondedwa,

Monile. Yewo chifukwa cha kalata yanu. Ine ndili bwino, kungoti kuno kumapili kumazizila ngati Juni chaka chonse. Ndadandaula kwambili kumva za atate aang'ono.

Agogo, mapilitsi sindingatumize. Sindine dokotala pano, ndipo ngakhale dokotala weniweni sapeleka mankhwala a matenda amene sanawadziwe. Musakwiye, mvelani kaye.

Sukulu yathu si msonkhano wa kopaletivu. Lolemba amatipatsa vuto la wodwala mmodzi. Pabolodi timalemba mizele itatu: zimene tikudziwa, zimene tikuganiza, ndi zimene sitikudziwa. Wachitatuwo ndi umene umatalika. Kenako aliyense amathamangila ku laibulale kapena ku wodi, ndipo Lachinayi timakumananso kudzatsutsana. Mphunzitsi amatsegula pakamwa pokhapokha akaona kuti tonse tasochela. Akuti tikadzapita kumidzi sipadzakhala pulofesa wotiuza yankho, choncho tizolowele kulifuna tokha.

Popeza munati "nali pepala langa", ndinalitenga. Ndinalimasulila m'Chingelezi, ndinachotsa maina onse, n'kuwelengela gulu langa. Agogo, mphunzitsi wathu, mayi wachikulile amene saseka wamba, anafunsa kuti analemba ndani. Anati zaka zonse zimene wagwila ntchito sanaone wachibale wofotokoza matenda mwadongosolo chonchi, kuyambila nthawi mpaka malovu. Anati mukanakhala m'gulu lathu.

Tikuganiza kuti pali china kumunda chimene chikuwapweteka, koma mzele wa zosadziwa ndi wautali. Tithandizeni:

Kodi pa Sondo, pamene sapita kumunda, amadwalanso?

Akadwala, muwayang'ane m'maso. Kadontho kakuda kapakati kamakula kapena kamachepa? Nanga minofu ya m'manja kapena kumaso imagwedela yokha?

Mankhwala a tizilombo m'fodya amapopela ndani, ndipo amavala chiyani? Alipo wina wogwila nawo ntchito amene akudwala chimodzimodzi?

Akachoka pamudzi masiku angapo zimakhala bwanji?

Chonde apite ku chipatala chachikulu ku boma, asadikile kalata yanga. Ndipo za amayi aang'ono a Loyce, agogo, ndikupemphani, yambani mwaima. Ndi amene anandisenzela sutukesi mpaka ku basi ali ndi pathupi. Sopo si umboni.

Ndine mzukulu wanu,
Uchizi


Chikomeni
2 Febuluwale 1995

Uchizi,

Moni ndikupatsa chifukwa ndine mkhilisitu.

Ndinatuma mwana kukapala moto, wabwela chimanjamanja kudzandifunsa kuti moto ndi chiyani. A Haswell atandipatsa envulopu ndinaigwedeza kukhutu, sinalile. Ndinati mwina mapilitsi a masiku ano ndi opyapyala. Kutsegula, mafunso. Zaka zitatu za ku Kenya, mafunso.

Ndiponso ndani anakuuza kuti ukavule atate ako pamaso pa Akenya? Kunena kuti "nali pepala langa" kunali kukunyoza, iwe wayesa chilolezo. Tsopano anthu asanu ndi atatu amene sanamwepo madzi a kuno akudziwa kuti dikoni wa ku Chikomeni amathamangila kuthengo. Ukuti unachotsa maina. Nanga anzakowo ndi opusa, sadziwa kuti kalata ya agogo ako imanena za kwanu? Mphunzitsi wako, mayi wosasekayo, umuuze kuti ine sindifuna malo m'gulu lake. Ngati akufuna kuyamika, ayamike ndi jekeseni.

Koma ndiyankha, kuti usadzanene kuti nkhalamba inaumila.

Pa Sondo sadwala. Ndi tsiku la Mulungu, ngakhale mdulo umadziwa. M'maso ndinamuyang'ana, mpaka anandifunsa ngati ndikufuna kumulodza. Kadontho kako kamachepa, kamakhala ngati njele ya mawele. Minofu imagwedela, makamaka pansi pa diso ndi pa chala chachikulu, ngati muli kachilombo koyenda m'kati. Zopopela analeka Khilisimasi isanafike, chifukwa pampu inkamulemela. Amamupopelela ndi Manasseh wa pafupi uja, amene amapopela atavula malaya, ndudu ili pakamwa, ndipo wanenepa ngati nkhumba ya abusa. Ndiye ngati gulu lako limaganiza za mankhwala a fodya, lifufute pabolodi.

Ku chipatala cha ku boma tinapita yako isanafike, sitinadikile Kenya. Anagonako masiku asanu ndi atatu. Anamujambula chifuwa, anamutenga makhololo, anamutenganso magazi a matenda aja amene anthu satchula. Zonse zoyela. Tsiku lachitatu anali akuimbitsa kwaya odwala anzake. Tabwela kunyumba, wapita kumunda masiku awili, wagwanso. Ukufunanso mboni ina? Akatalikilana ndi Loyce amachila, akayandikila amagwa. Funso lako lomwe lamutsutsa Loyce, si ine.

Tsopano ndiwo za Loyce ndamuletsa masana. Za kumunda ndimamukonzela ndekha, monga ndakhala ndikuchitila chiyambile dzinja, koma madzulo amakadyabe kwa mkazi wake, ati kuopa kumukhumudwitsa. Mwamuna wofatsa ndi tsoka. Loyce ndinamufunsa pamaso. Anati, "Amama, chitenje ndinagula ndi nshawa zanga, funsani amene timakhala nawo pamsika." Amene amakhala nawo pamsika! Fisi kuitana afisi anzake kuti amuchitile umboni.

Pa 19 mwezi uno akuluakulu a kwathu ndi a ku Kapichila akumana pabwalo la Philemon. Ngati sukulu yako ili ndi yankho, lifike tsikulo lisanakwane. Yankho, osati funso.

Agogo ako,
NyaZgambo


Kenya
24 Febuluwale 1995

Agogo,

Monile. Kalata yanu yafika dzulo, tsiku la msonkhano litadutsa kale. Sindikudziwa chimene mwagamula. Ngati amayi aang'ono akadali pamudzi, musawachotse. Ngati apita, tumizani munthu.

Pepani kuti ndinawelengela gulu popanda kumvetsa. Koma ndawawelengelanso, ndipo mukhoza kudzandikalipila ndikabwela.

Munanena zoona, tinalakwitsa. Tinkaganiza kuti ndi kupopela kapena kugwila masamba onyowa a fodya, koma a Manasseh atigwetsela ganizo limenelo. Mnzathu wina anafuna kuti tivomeleze kuti ndi mphumu, tinakangana mpaka mphunzitsi anatiuza kuti tiwelengenso mawu anu. Kadontho kochepa, malovu, thukuta, minofu yogwedela, chifuwa chothina: zonsezi pamodzi ndi zizindikilo za poizoni wa mankhwala ophela tizilombo. Ngati sakulowela pakhungu kapena m'mphuno, ndiye kuti akulowela pakamwa. Ndipo akulowa masiku a kumunda okha, masana, chifukwa amadwala pobwela, asanadye za madzulo.

Ndiye funso ndi limodzi lokha, agogo. Ndi chiyani chimene atate aang'ono amadya kapena kumwa kumunda, chimene wina aliyense sachilawa? Ndipo chimasungidwa m'chiyani?

Ife kuno sitingalidziwe. Mudziwa ndinu. Mukachipeza, asiye tsiku lomwelo, ndipo mupite nacho ku chipatala pamodzi ndi iwo. Musazengeleze, mankhwala amenewa amapha.

Uchizi


Chikomeni
12 Malichi 1995

Uchizi,

Uli moyo? A Haswell ndawafunsa mpaka ayamba kundizemba. Akuti mtsinje wadula msewu ndipo ku boma sakupita. Mwina ndi zoona. Mwinanso mafunso anakuthela ndipo ulibe china cholemba.

Loyce anapita. Msonkhano unachitika monga ndinanenela. Ndinalankhula ine, ndipo ukudziwa kuti ndikayamba sindisiya fupa lili ndi mnofu. Ndinanena za Lachisanu, za sopo, za chitenje, za masiku a ku chipatala. Ndinanenanso kuti ngakhale a ku yunivesite anafunsa kuti akachoka pamudzi zimakhala bwanji. Atate ake a Loyce anangoyang'ana pansi. Philemon anati, "Amama, ine mkazi wanga sindinamugwile ndi munthu," koma mawu anamuthela ndi chifuwa, ndipo chifuwacho chinalankhula kumuposa. Anagamula kuti Loyce akakhale kwawo mpaka zioneke. Ananyamuka m'mawa mwake ndi kamwana kake Linah kumsana. Ana awili aakuluwa atsala ndi ine. Loyce sanalile, anangosesa bwalo lake n'kutseka chitseko.

Tsono mvela. Philemon sanachile.

Masabata atatu tsopano sanalawe mchele wa Loyce. Zonse ndimaphika ine, m'mawa, masana, madzulo. Koma akuipilaipila. Lachitatu anagwa m'chigafa akupachika fodya, Manasseh anamupeza thovu lili kukamwa, anamubweletsa pa wilibala. Wawonda, lamba wabowola mabowo awili atsopano. Kwaya analeka. Ena akuti mdulo ukalowa kwambili suchoka msanga. Ndimavomela pakamwa, koma ndinaonapo mdulo, sunkachita chonchi.

Ndinaika atate ako m'manda. Uyu ndiye mwana wamwamuna amene wanditsalila. Fodya wapsa m'munda, choncho Philemon sangakhale pansi, ndipo ine ndimangomuwonjezela zakumwa kuti apeze mphamvu. Ngati uli ndi funso lina, tumiza. Ndilandila ngakhale funso.

Agogo ako


Chikomeni
3 Epulo 1995

Uchizi,

Monile. Philemon ali moyo. Ndayamba ndi zimenezo kuti uwelenge zotsalazo utakhala pansi.

Kalata yako ya Febuluwale inafika pa 29 Malichi. Mwezi wathunthu inagona m'bokosi ku boma. Nditawelenga funso lako ndinaiponya pamphasa. Ndinati mwanayu akufuna kunena chiyani, popeza za kumunda ndimakonza ndine? Mbatata zimene amadya, ana amadyanso. Chimanga chowotcha timadya tonse. Thobwa ndimaphika mumphika waukulu, ana amamwa, Manasseh akadutsa amamwa, palibe amene anagwa.

M'mawa mwake ndikumuthilila thobwa loti apite nalo, mawu ako achiwili aja anandibwelela: chimasungidwa m'chiyani. Ndinayang'ana m'manja mwanga.

Uchizi, chaka chatha mlangizi wa fodya, a Amock, anauza alimi kuti zigubu za mankhwala zikatha azibowole n'kuzikwilila. Philemon anakwilila zitatu kuseli kwa chigafa, koma kubowola anachita ulesi. Ine ndinaona. Zigubu zoyela, zolimba, za chivindikilo chopota, zosadontha ngakhale uzigwetse. Chinthu chotelo kuchiika m'manda ngati munthu? Ndinakafukula. Ndinapala mapepala ake ndi mpeni, ndinatsuka ndi phulusa katatu, ndinayanika padzuwa. Philemon atafunsa ndinati ndinagula ku boma, kuopa kuti angandilande. Chigubu choyamba anayamba kunyamulila thobwa pamene tinkawoka fodya. Chitang'ambika mu Febuluwale ndinatulutsa chachiwili, ndipo chimenecho ndinatsuka kamodzi kokha, chifukwa ndinali wotanganidwa ndi mlandu wa Loyce. Ana amamwela mumphika. Ine thobwa limandipatsa chilungulila. M'chigubu ankamwa ndi iye yekha, litakhala padzuwa m'mawa wonse.

Ndinachinunkhiza. Fungo linalimo, pansi pa fungo la thobwa. Linalimo masiku onsewa, koma ndinkati ndi fungo la pulasitiki.

Tinakwela ngolo mpaka pamsewu, kenako lole. Ku chipatala ndinaika chigubu patebulo la adokotala, kamnyamata ka ndevu zosakwana. Ananunkhiza, anandiyang'ana, anati, "Amama, mumafuna kupha nsabwe za m'mimba mwake?" Ine ndinawelamitsa mutu. Lemba tsiku limenelo, silidzabwelanso. Anamubaya jekeseni, anamugoneka masiku anayi, anati ali ndi mwayi chifukwa thupi lake ndi lolimba. Tsopano ali kunyumba, malovu auma, dzulo wadya ngati wobwela kundende. Chachitatu chija ndabowola ndekha ndi chitsulo chamoto.

Koma iwenso uli ndi mlandu. Munali asanu ndi atatu ndi mphunzitsi wachisanu ndi chinayi, ndi laibulale yonse. Chinakuvutani n'chiyani kulemba mu Januwale kuti agogo tayani chigubu? A Amock nawonso, bwanji sanazitenge okha zigubu zawozo? Ndi Philemon, munthu wamkulu, dikoni, kulephela kubowola pulasitiki?

Ndawelenganso zimene ndalembazi. Zisiye choncho, inki ndi yodula.

Philemon sanandikalipile. Bola akanatelo. Anangofunsa kuti, "Amama, ku Kapichila apita ndani?"

Agogo ako


Kenya
25 Epulo 1995

Agogo okondedwa,

Monile. Ndalila ndi chimwemwe kumva kuti atate aang'ono akudya. Asagwile mankhwala a fodya kwa miyezi ingapo, ngakhale kunyamula pampu. Muuzenso amayi ena amene ali ndi zigubu zotelo, ndikudziwa kuti si inu nokha.

Mu Januwale sitikanalemba za chigubu chifukwa sitinkadziwa kuti chilipo, ndipo ngakhale mwini wake wochimwela sankadziwa kumene chinachokela. M'buku mulibe chigubu chanu. Gulu likupeleka moni, ndipo ndawauza kuti vutolo mwalimaliza ndinu. Sindinanene kuti munachifukula, ndangoti chinapezeka.

Funso la atate aang'ono simunaliyankhe m'kalata. Ku Kapichila wapita ndani?

Uchizi


Chikomeni
28 Meyi 1995

Uchizi mzukulu wanga,

Monile. Tonse tilipo. Fodya wagulitsidwa, chimanga tikukolola, Philemon wayambanso kutisokosela.

Ku Kapichila ndinapita ine, ndi mawondo omwewa. Ndinanyamula nkhuku. Amayi ake a Loyce anandiyalila mphasa padzuwa, mthunzi uli pomwepo, ndipo ndinakhala. Loyce anatuluka mochedwa. Nditafotokoza, anati, "Ndamva, amama. Koma simunandichotse m'nyumba, munandichotsela pabwalo. Anthu amene anamva kuti ndine hule ali ku Chikomeni. Muwaitane omwewo, pamalo omwewo." Nkhuku anakana.

Ndinawaitana. Anabwela onse, ndi ena amene poyamba kunalibe, chifukwa mbili ya chigubu inali itafika kale mpaka ku Mphamba. Ndinaimilila ndi chigubu m'manja. Ukudziwa m'kamwa mwangamu. Ndinaonetsa mmene ndinkafukulila ngati galu, ndikuyang'ana uku ndi uku. Ndinayesezela Manasseh akupopela ndi ndudu yake. Ndinayesezela kadokotala ka ndevu kaja ndi nsabwe zake za m'mimba. Anthu anaseka mpaka a Haswell anagwa pa mpando, ngakhale atate ake a Loyce anabisa nkhope m'chipewa. Ndinakhala pansi ndikuti ndagwila ntchito.

Loyce sanaseke. Anadikila phokoso lithe, n'kunena ali chogwada, mwaulemu wake wonse, "Amama, anthu aseka. Tsiku lija munkanena za ine palibe anaseka. Apa akapita kwawo akakumbuka chigubu, koma za ine sindinamve."

Ndinafuna kumuyankha, mayankho ndinali nawo anayi okonzeka. Philemon anandiyang'ana. Ndinaimililanso, popanda chigubu, ndipo ndinati: Loyce sanayende ndi mwamuna aliyense. Chitenje anagula ndi nshawa zake. Ndinamunamizila ndine, ndipo mwana wanga ndinamudwalitsa ndine. Mawu ochepa chonchi, koma ndinatuluka thukuta kuposa la Philemon. Palibe anaseka.

Wabwela, iye ndi Linah. Koma anaika lamulo lake, ndipo Philemon wavomela osandifunsa. Akusamuka. Amanga kutsidya kwa dambo, pafupi ndi munda, kumene mawu anga safika ngakhale ndikuwe. Ana awili amene ndagona nawo miyezi itatu apita nawo. Dzinja likadzafika dambo limadzala, ndipo ndi mawondo awa ndidzangoona utsi wawo.

Mayi wako wosasekayo umuuze kuti njila yake ndaiona. Imagwila, koma imachedwa, ndipo yankho likapezeka limaluma wolipeza. Iwe limbikila, umalize, ubwele kuno ukhale pafupi, kuti mafunso ako asamagone mwezi m'bokosi.

Njelwa ayamba kuumba sabata yatha. Palibe anandiitana. Dzulo ndinatenga ndowa, ndinatunga madzi padambo, ndinapita nawo pa dothi lawo. Loyce analandila ndowa yoyamba osandiyang'ana. Yachiwili chimodzimodzi, yachitatu chimodzimodzi. Pa yachinayi anati, "Ikani pansi, amama, msana." Ndi mawu okhawo amene ndapeza kwa iye mwezi uno. Mawa ndipitanso.

Ndine agogo ako,
Jemima NyaZgambo